Masilaidi Akuoneka Koma Mawu Sakumveka: Kumene Vutoli Limabisala ndi Mmene Mungalithetsere

Pa misonkhano, pa maphunziro a ogwira ntchito ngakhalenso pa madyerero a ukwati, vuto limene ndimaitanidwira kawirikawiri ndi limodzi lomweli. Munthu wakonza masilaidi ake mu PowerPoint, waikamo nyimbo yolira chapansipansi, kaphokoso ka kuwomba m'manja pa silaidi yomaliza, kapena mawu a mayi wa kumudzi amene anawajambula pa foni kuti achitire umboni nkhani yake, ndipo zonse zinalira bwinobwino usiku kunyumba, koma atafika mu holo zithunzi zikuoneka pakhoma pamene mawu ali zii. Zikatero ambiri amayamba kudina paliponse, kuchotsa fayilo ndi kuiikanso, kuzimitsa kompyuta ndi kuiyatsanso, anthu onse maso ali pa iwo, ndipo ngakhale mawuwo atabwerera mwamwayi mwiniwakeyo sadziwa chimene chawabweza, choncho sabata yotsatira vuto lomwelo limamupezanso.

Mawu a mu silaidi amadutsa malo angapo asanafike m'khutu la womvera. Amayambira mu fayilo ya mawuwo, kenako amadikira malangizo amene munapatsa PowerPoint onena nthawi yoyambira ndi yolekera, akatero amapita kwa Windows kuti iwasankhire potulukira, ndipo pomaliza amayenda m'chingwe kupita ku masipika. Nthawi zambiri amafera pamalo amodzi okha, ndipo ntchito yanu ndi kupeza malowo musanakhudze china chilichonse. Njira yachidule ndi iyi: tulukani mu PowerPoint, tsegulani nyimbo ina iliyonse imene ili mu kompyutamo ndi kuiliza. Ikamveka bwino pa masipika a mu holo, ndiye kuti vuto lili m'masilaidi anu. Ikapanda kumveka, masilaidiwo alibe mlandu, asiyeni monga alili ndipo yang'anani kompyuta ndi zingwe. Kuyesa kumeneku sikutenga ngakhale mphindi imodzi, koma ndi kumene anthu ambiri amakulumpha.

Pamene kompyuta yonse yakhala chete

Wopalamula wamkulu pano ndi chingwe cha HDMI. Chingwe chakale cha VGA, chija cha mutu wabuluu ndi timano 15, chimanyamula zithunzi zokha, ndipo mawu amapitiriza kutulukira kumene amatulukira masiku onse. HDMI imanyamula zithunzi ndi mawu pamodzi, kotero mukangoilumikiza, Windows kawirikawiri imaganiza kuti pulojekita ndiyo sipika yatsopano ndipo imatumiza mawu onse kumeneko. Mapulojekita ena alibe sipika n'komwe, ndipo ena ali ndi kasipika kakang'ono kamene sikangamveke kupitirira mzere woyamba wa mipando.

Tsiku lina, mu holo ya malo ena ogona alendo, tinavutika kwa nthawi ndithu tikusintha zingwe za mikisa, chipangizo chimene mawu amadutsamo asanapite ku masipika, ndi kukayikira mnyamata wa zokuzira mawu, mpaka mayi wina amene anakhala pansi penipeni pa pulojekita yopachikidwa kudenga ananyamula dzanja n'kunena kuti akumva kanyimbo kakulira pamwamba pa mutu wake. Nyimbo ija inali ikulira kuyambira pachiyambi pomwe, kungoti inkatulukira kudengako.

Kuti muwabweze mawuwo, dinani kachizindikiro ka sipika kamene kali pafupi ndi wotchi kumunsi kudzanja lamanja, tsegulani mndandanda wa zipangizo zotulutsira mawu, ndipo sankhani dzina loyamba ndi Speakers kapena Headphones m'malo mwa dzina la pulojekita kapena la TV. Pa Windows 11 mndandandawu umatseguka mwachangu mukadina mabatani a Windows, Ctrl ndi V pamodzi. Ndi bwino kutsata dongosolo ili: yambani kulumikiza pulojekita, kenako chingwe cha mawu, sankhani potulukira mawu, ndipo PowerPoint muitsegule pomalizira. Kumbukiraninso kuti magetsi akathima n'kuyatsa jenereta, pulojekita imazima ndi kuyakanso, ndipo Windows imatha kuitenganso ngati chipangizo chatsopano n'kubwezera mawu kudenga kuja, choncho magetsi akangobwerera onaninso mndandandawo musanapitirize kulankhula.

Pali malo enanso amodzi amene mawu amafera mwakachetechete. Windows imalola kuti pulogalamu iliyonse ikhale ndi mlingo wakewake wa mawu, ndipo PowerPoint yokha imatha kukhala yotsekedwa pakamwa pamene mapulogalamu ena onse akulira. Dinani kachizindikiro ka sipika kaja ndi batani lakumanja la mausi, tsegulani Volume Mixer pamene silaidi ya mawu ikulira, ndipo onani ngati mzere wa PowerPoint suli pansi.

Fayilo ya mawu imene inatsala kunyumba

Ngati nyimbo zina zikulira koma ya mu silaidi ikukana, makamaka ngati pakutuluka uthenga wakuti Media Not Found, funso loyamba ndi lakuti kodi mawuwo alimodi m'masilaidiwo. PowerPoint ili ndi njira ziwiri zoikira mawu. Yoyamba imalowetsa fayilo yonse mkati mwa masilaidi, kotero kumene masilaidiwo apita mawu amapita nawo. Yachiwiri imangolemba keyala ya kumene fayiloyo ikukhala, mwachitsanzo mu foda ya Music ya kompyuta yanu, ndipo nthawi yoliza ikakwana imapita kukaitenga komweko. Pa kompyuta yanu njira zonse ziwiri zimaoneka chimodzimodzi, kachizindikiro ka sipika kamakhalapo ndipo mawu amalira, kusiyana kwake kumadzaonekera pokhapokha mwanyamula masilaidiwo pa fulashi n'kuwatsegula pa kompyuta ya wina, kumene keyala ija imaloza foda imene kulibe.

PowerPoint 2007 ndi zina zam'mbuyo mwake zinkalowetsa mkati mafayilo a WAV okha, ndipo mwa chikhazikitso chake zinkatero ndi osapitirira 100 KB, pamene MP3 iliyonse inkangolembedwa keyala. Kuyambira PowerPoint 2010 zinthu zinasintha, ndipo MP3 imalowa mkati pokhapokha inuyo mutasankha Link to File pa kamuvi kali pambali pa batani la Insert. Chikhalirecho vutoli silinathe, chifukwa m'maofesi ndi m'masukulu ambiri anthu amatenga masilaidi akale a mnzawo amene anachoka kalekale n'kumangosintha mitu ndi madeti, osadziwa kuti akulowa chokolo cha makeyala akufa. Fayilo ikakhala ndi dzina lothera ndi .ppt m'malo mwa .pptx, ikayikireni nthawi yomweyo.

Kudziwa ngati mawu alimo n'kosavuta. Yerekezani kukula kwa mafayilo awiriwo: ngati nyimbo yanu ndi ya 4 MB koma masilaidi onse ndi 600 KB, nyimboyo mulibe, poti kachikwama sikanganyamule katundu wokulirapo kuposa iko. Mungathenso kupita pa File, kenako Info, ndi kuyang'ana kumunsi kudzanja lamanja ngati pali mawu akuti Edit Links to Files, amene amaoneka pokhapokha masilaidiwo akudalira fayilo ya kunja. Kwa ofuna kuona ndi maso, fayilo ya .pptx kwenikweni ndi phukusi la ZIP: koperani fayiloyo, sinthani mathero a dzina la kopeyo kukhala .zip, itseguleni, lowani mu foda ya ppt kenako ya media, ndipo mudzapeza zithunzi ndi mawu onse amene alidi mkati. Chitani zimenezi pa kope yokha, fayilo yeniyeni musaikhudze.

Mankhwala ake ndi kubwerera pa kompyuta imene ili ndi fayilo ya mawuyo, kusunga masilaidiwo monga .pptx, kuchotsa kachizindikiro kakale, ndi kuika mawuwo mwatsopano kudzera pa Insert, Audio, Audio on My PC, n'kudina batani la Insert lenilenilo. Nthawi zina kulemba keyala kumakhala koyenera, monga pamene mawuwo ndi ulaliki kapena zokambirana za ola lathunthu zimene zingalemeretse masilaidi. Zikatero pangani foda imodzi, ikanimo masilaidi ndi fayilo ya mawu musanazilumikize, kenako lumikizani, ndipo posamuka nyamulani foda yonseyo. Mukalumikiza kaye n'kudzasamutsa fayilo pambuyo pake, keyala imatsala ikuloza malo akale. Mukafika mu holo koperani fodayo pa Desktop m'malo moitsegulira pa fulashi, chifukwa fulashi imene kwanu imatchedwa E: pa kompyuta ina imatha kutchedwa F:, komanso fulashi yakale imachedwa kuwerenga ndipo nyimbo imadukaduka.

Kukula kwa mafayilo kumabweretsa vuto lakelake potumiza. Mphindi imodzi ya WAV ya mlingo wa CD imadya pafupifupi 10 MB, pamene mphindi yomweyo mu MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB, ndipo Gmail salola kumata fayilo yoposa 25 MB pa kalata imodzi. Ambiri amaganiza kuti akadula nyimbo ndi Trim Audio ndiye kuti yachepa, koma chida chimenechi chimangobisa mbali zodulidwazo ndipo fayilo yonse imakhalabe mkati. Chimene chimazichotsadi ndi Compress Media, imene imapezeka pa File ndi Info mu PowerPoint ya pa Windows. Izi n'zofunika kuzidziwa ngakhale pamene bandulo si vuto, chifukwa ngati munajambula munthu akulankhula ndipo munadula mbali imene simunafune kuti ena aimve, aliyense wolandira masilaidiwo angathe kukoka timizere todulira tija n'kumva zonse.

Mtundu wa fayilo

Uthenga wakuti Cannot Play Media, kapena kukana kwa PowerPoint kulandira fayilo kumene, nthawi zambiri kumachokera ku mtundu wa fayiloyo. Masiku ano mawu ambiri amene anthu amafuna kuika m'masilaidi amachokera pa WhatsApp, ndipo mauthenga a mawu a WhatsApp amasungidwa mu mtundu wa Opus, ndi dzina lothera ndi .opus kapena .ogg. Foni imawaliza mosavuta, pulogalamu yolizira nyimbo ndi makanema ya VLC nayonso imawaliza, koma PowerPoint pa makompyuta ambiri imawakana. Mafoni ena akale amajambula mu .amr kapena .3gp, ndipo nawonso amavuta chimodzimodzi. Mitundu yodalirika ndi MP3, WAV ndi M4A, ndipo kampani ya Microsoft imalimbikitsa M4A yokhala ndi AAC kwa ogwiritsa ntchito PowerPoint 2013 kupita m'tsogolo.

Kusintha dzina lokha, kufufuta .opus n'kulemba .mp3, sikuthandiza, chifukwa zamkati zimakhala zomwezija. Fayiloyo iyenera kusandulizidwa. Mu VLC, imene ndi yaulere ndipo siifuna intaneti, pitani pa Media, sankhani Convert / Save, ikani fayiloyo, ndipo pa Profile sankhani Audio - MP3. Ine ndimakonda njira imeneyi kuposa masamba a pa intaneti osandulizira mafayilo, makamaka mawuwo akakhala umboni wa munthu amene anakukhulupirirani, chifukwa palibe chifukwa chowatumizira kwa anthu osawadziwa pamene kompyuta yanu ingathe kugwira ntchitoyo yokha.

Timaphokoso tokometsera tili ndi lamulo lake losiyana, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Pa Transitions pali kabokosi kolembedwa Sound, kamene kali ndi timaphokoso tobwera ndi PowerPoint monga Applause, Chime, Drum Roll, Camera ndi Whoosh, ndipo kumunsi kwenikweni kuli Other Sound kwa ofuna kuika kaphokoso kawo. Khomo limeneli limalandira WAV yokha. Mukalowa mu foda imene mukudziwa bwino kuti muli MP3 yanu, fodayo imaoneka yopanda kanthu, ndipo munthu amayamba kuganiza kuti fayilo yafufutika kapena kompyuta yagwidwa ndi vairasi. N'chimodzimodzinso ndi kaphokoso koikidwa pa chithunzi kapena mawu oyenda kudzera pa Effect Options. Tsegulani fayiloyo mu Audacity, pulogalamu yodulira ndi kukonzera mawu, dulani kagawo kamene mukufuna, ndipo itulutseni monga WAV ya 16-bit PCM; poti timaphokosoti timakhala ta masekondi ochepa, kukula kwa WAV sikudetsa nkhawa.

Pali chifukwa chimodzi chosowa koma chozunza mutu, chimene chimakhudza malaputopu ogulidwa ogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Ulaya. Ena mwa iwo amabwera ndi Windows ya mtundu wa N, monga Windows 10 Pro N, imene imagulitsidwa yopanda zida zolizira nyimbo ndi makanema. Pa kompyuta yotero ngakhale MP3 yabwinobwino imatha kukana mu PowerPoint kufikira mutaikamo Media Feature Pack. Dzina la Windows yanu mudzaliona pa Settings, System, About.

Pamene mawu alipo koma sakuyamba, kapena akudukira panjira

Tsopano tinene kuti fayilo ilimo, ndi ya mtundu woyenera, ndipo mukadina batani lolizira pamene mukukonza silaidi imalira. Chotsala ndi malangizo. Dinani kachizindikiro ka sipika pa silaidipo ndipo pamwamba padzaoneka Playback, pomwe pali kabokosi ka Start. Mukasankha Automatically mawu amayamba okha, mukasankha In Click Sequence amadikira kuti mudine monga mmene mumadinira popita patsogolo, ndipo When Clicked On imafuna kuti muloze kachizindikiro kenikeniko ndi mausi. Msampha wodziwika ndi kusankha When Clicked On kenako n'kuchonga Hide During Show pofuna kuti kasipikako kasaipitse chithunzi. Mwabisa chinthu chimene munayenera kudina, ndipo mawuwo sadzalira ngakhale mutadikira mpaka madzulo.

Chovuta kwambiri kuchizindikira ndi pamene mwasankha Automatically koma mawu akuchedwabe. PowerPoint imaika mawu pamzere umodzi ndi zinthu zonse zoyenda za pa silaidiyo, ndipo chilichonse chimadikira nthawi yake. Ngati munayamba mwaika mitu itatu yotuluka umodziumodzi mukadina, n'kudzaika nyimbo pambuyo pake, nyimboyo ili pa nambala yachinayi ndipo idzayamba yokha, inde, koma mitu itatu ija itatha kutuluka. Pitani pa Animations, tsegulani Animation Pane, kokerani mzere wa nyimboyo pamwamba penipeni, ndipo pa Start sankhani With Previous. Kazenera kameneka ndi kamene ndimayamba kutsegula munthu akandiuza kuti mawu amabwera nthawi imene afuna okha.

Nyimbo yoduka mukangopita pa silaidi yachiwiri ikuchita zimene inauzidwa, chifukwa mwa chikhazikitso mawu amathera pa silaidi imene aikidwa. Chongani Play Across Slides, ndipo ngati nyimboyo ndi yaifupi kuposa masilaidi, chonganinso Loop until Stopped. Batani la Play in Background limachita zonsezi nthawi imodzi, n'kubisanso kachizindikiro, choncho ndi loyenera pa zithunzi za ukwati kapena za chinkhoswe zimene zimangoyenda zokha anthu akudya. Mukafuna kuti nyimbo ilekere pa malo ena ake, mwachitsanzo isanafike silaidi imene mukufuna kulankhulapo, lowani mu Effect Options kudzera mu Animation Pane, ndipo pa Stop playing mudzapeza nambala 999. Ifufuteni n'kulemba chiwerengero cha masilaidi amene nyimboyo iyenera kudutsa, kuwerengera kuyambira pa imene yayambira.

Anthu ena amadzipangira okha mantha poyesa. Amaika nyimbo pa silaidi yoyamba, n'kuyesa kuchokera pa silaidi yachisanu ndi Shift ndi F5, ndipo posamva kanthu amayamba kusintha zinthu zimene zinali bwino. Nyimbo imayamba pokhapokha mwadutsa pa silaidi imene ili, choncho yesani ndi F5 kuchokera pachiyambi. Izi zimachitikanso pa tsiku lenilenilo mukatuluka m'masilaidi pakati kuti muonetse chinthu china: pobwerera nyimbo ija siidzakhalapo.

Ngati mawu amene akusowa ndi anu amene munajambula ndi Record Slide Show, onani pa Slide Show ngati Play Narrations ndi yochongedwa, ndiponso mu Set Up Slide Show ngati wina sanachonge Show without narration. Masilaidi obwera pa imelo kapena otengedwa pa intaneti amatseguka mu Protected View, ndi kamzere kachikasu pamwamba. Dinani Enable Editing, ndipo chenjezo lina lonena za mafayilo a kunja likatuluka, dinani Enable Content pokhapokha mukudziwa amene wakutumizirani.

Mawu akumveka, koma molakwika

Kaphokoso kolira pa silaidi iliyonse kamachokera ku batani la Apply To All, limene limamwaza kusintha kwa silaidi imodzi, pamodzi ndi kaphokoso kake ndi nthawi yake, pa masilaidi onse. Kuwomba m'manja kumene kunasangalatsa pa silaidi yoyamba kumakhala chinthu china pofika ya 30. Sankhani masilaidi onse kumanzere ndi Ctrl ndi A, ikani Sound pa No Sound, ndipo bwezerani kaphokosoko pa silaidi imodzi kapena ziwiri zimene zikukafunadi. Maganizo anga ndi akuti pa msonkhano wa bajeti kapena pa kuteteza kafukufuku pamaso pa aphunzitsi, timaphokoso totere sitionjezera ulemu uliwonse, ndipo nthawi imene mungataye potikonza ndi bwino kuiika pa mawu amene ali ndi uthenga. Kaphokoso kosalekeza kamasonyeza kuti Loop Until Next Sound ndi yochongedwa. Ichotseni, kapena pa silaidi yotsatira sankhani Stop Previous Sound. Nyimbo ziwiri zolira pamodzi zimatanthauza kuti yoyamba idakali pa ulendo wake wa masilaidi 999 pamene yachiwiri yayamba.

Mafayilo ochokera kosiyanasiyana sakhala ndi mphamvu yofanana. Nyimbo yojambulidwa mu situdiyo imaphulika, pamene mawu a agogo ojambulidwa pa foni pansi pa mtengo amamveka ngati akunong'ona, ndipo wa zokuzira mawu akakweza kuti agogowo amveke, nyimbo yotsatira imadzidzimutsa holo yonse. Volume ya pa Playback ili ndi Low, Medium, High ndi Mute basi, zimene zimathandiza kutsitsa nyimbo koma sizingakweze mawu ojambulidwa motsika. Mawu otero akwezeni mu Audacity ndi Normalize kapena Amplify musanawaike, ndipo nyimbo muipatse Fade In ya sekondi imodzi kapena ziwiri kuti isalowe mwankhanza.

Kung'ung'uza kosalekeza m'masipika, kuja komveka ngati njuchi zili mu mphika, sikuchokera m'masilaidi konse. Zulani chaja cha laputopu ndipo mvetserani. Phokosolo likatha, ndiye kuti laputopu ndi mikisa zikukokana pa nkhani ya magetsi, ndipo zimenezi zimachuluka pamene zalumikizidwa ku masoketi osiyana kapena pamene mukugwiritsa ntchito jenereta. Ngati batire ndi lamphamvu, lankhulani chaja chili chozula; apo ayi, lumikizani zonse ku ekisitenshoni imodzi, kapena funsani wa zokuzira mawu ngati ali ndi DI box, kabokosi koikidwa pakati pa laputopu ndi mikisa kothandiza kuthetsa phokoso lotere. Mawu osweka ngakhale pa mlingo wotsika amasonyeza kuti chingwe cha laputopu chalowetsedwa pa khomo la maikolofoni m'malo mwa lolembedwa Line kapena Aux.

Masipika a Bluetooth ali ndi khalidwe lawo. Ambiri amagona akakhala kanthawi osalandira mawu, ndipo podzuka amameza chiyambi cha chimene chawadzutsa. Pa nyimbo ya mphindi zinayi palibe amene angazindikire, koma kaphokoso ka Click kapena Camera kamatha konse sipika isanadzuke, ndipo inu mumaganiza kuti sikanalire. Amachedwetsanso mawu pang'ono, kotero kaphokoso kamafika chithunzi chitatuluka kale. Chingwe wamba cha 3.5 mm chimathetsa zonse ziwiri, ndipo n'chotsika mtengo moti n'choyenera kukhala m'chikwama cha laputopu nthawi zonse.

Pa Zoom, pa Google Slides ndi pa foni

Pa msonkhano wa pa intaneti inu mumamva mawu pamene anzanu sakumva, chifukwa kugawana zenera sikugawana mawu mwa iko kokha. Pa Zoom chongani Share sound musanadine Share, pa Microsoft Teams yatsani batani lophatikiza mawu a kompyuta, ndipo pa Google Meet njira yodalirika ndi kugawana tabu ya Chrome pamodzi ndi mawu ake. Musadalire kuti maikolofoni yanu itola mawu otuluka mu sipika ya laputopu, chifukwa mapulogalamuwa anapangidwa kuti azichotsa phokoso lotero.

Google Slides imagwira ntchito mwa njira ina. Imalandira MP3 ndi WAV zokha, zimene ziyenera kukhala kale pa Google Drive, ndipo mawuwo amakhalabe fayilo yapadera yokhala ndi chilolezo chakechake. Mukagawana masilaidi ndi mnzanu osagawana naye fayilo ya mawu, iye adzaona kachizindikiro kosalira, choncho tsegulani chilolezo cha fayiloyo pa Drive. Mawuwo amafunanso intaneti nthawi yowaliza, chinthu choyenera kuchilingalira ngati holoyo ili kumene netiweki imabwera ndi kupita. Masilaidi a PowerPoint otsegulidwa pa foni, kapena m'mapulogalamu ena monga WPS Office ndi LibreOffice Impress amatha kuliza nyimbo koma n'kusokoneza nthawi yake kapena kusiya timaphokoso ta Transitions, ndipo PDF yotulutsidwa mu PowerPoint siinyamula mawu ngakhale pang'ono, kotero wolandira PDF asavutike kuwafunafuna.

Ngati masilaidiwo ndi oyenda okha ndipo simukudziwa kompyuta imene mudzaipeze, atulutseni monga kanema wa MP4 kudzera pa File, Export, Create a Video, poti kanema amalira pafupifupi pa chipangizo chilichonse, ngakhale TV yokhala ndi polowetsa fulashi. Muonereni kanemayo kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto musananyamuke, chifukwa timaphokoso toikidwa pa Transitions kawirikawiri timatsala, ndipo amene mukuwafunadi muyenera kuwaikanso kudzera pa Insert ndi Audio. Pa fulashi yomweyo sunganinso mafayilo a mawuwo paokha, ndi maina osonyeza silaidi yake, monga 07-umboni.mp3, kuti zikavuta mnzanu athe kuwaliza mu VLC pamene inu mukupitiriza kulankhula. Mukakhala pakati pa kuonetsa ndipo silaidi ili ndi mawu, Alt ndi P imaimitsa kapena kupitiriza, Alt ndi Q imaletseratu, ndipo Alt ndi U imatseka mawu mwachangu pamene mlendo wolemekezeka walowa nyimbo ili pakati.